Zenera la Abiti Wadi

Mwamuna akafuna kusiya kubwera kwanu sasowa chifukwa. Wina amati mchere wachuluka m'ndiwo, wina amati ana akusokosera. Che Atumani a ku Nkope, eni maboti awiri ndi ukonde wa chilimira, anasankha mdima. Ankati m'nyumba mwa mkazi wawo wamkulu Subira, amene anthu ankamutchula kuti Abiti Wadi, munali mdima wopweteketsa mutu, ndipo zovala zawo zinkatulukamo zikununkha utsi ndi usipa. Ankanena zimenezi munthu amene chuma chake chonse chinachokera mu usipa womwewo. Choncho masiku a Subira, amene pa mitala anayenera kukhala ake, anayamba kuthawira kwa Sumaiya, mkazi wamng'ono, yemwe anamumangira nyumba ya malata cha kumsewu. Poyamba linkathawa tsiku limodzi, kenako sabata yathunthu, mpaka dzinja linabwera n'kupita, linanso n'kubwera, bambowo osagonamo m'nyumba ya mkazi wamkuluyo.

Chopsetsa mtima n'chakuti Subira anawakhulupirira. Nanga akanatsutsa bwanji, poti mdimawo unalidi weniweni? Nyumbayo anaimanga akadali osauka, pamalo a amayi ake a Subira, ndipo m'malo mwa mazenera anangosiya timabowo timene kenako anatitseka ndi sanza chifukwa cha udzudzu. Matumba a usipa wouma ankakhala pabalaza poopa akuba. Khitchini inagundizana ndi khoma, utsi n'kudetsa chipupa mpaka bii. Dzuwa lili paliwombo, Subira sankatha kulowetsa ulusi pa singano ali m'nyumba mwake momwe. Ana anali atakula n'kuchoka, ndiye ankakhala yekha mumdimamo n'kumadziuza kuti ngati chathamangitsa mwamuna ndi mdima, kuwala kudzamubweza.

M'masiku amenewo bungwe lina la kuboma linatumiza mtsikana dzina lake Amida kuti adzayambitse maphunziro okonza ndi kukongoletsa m'nyumba. Ankakumana Loweruka m'kalasi ina ya pulayimale. Tsiku loyamba amayi anadzaza kalasiyo mpaka ena kusuzumira pakhomo, koma atamva kuti kulibe alawansi, kuli mandasi ndi Sobo basi, ambiri anakumbukira kuti anasiya usipa pathandala. Anatsala ochepa, ndipo Subira ankakhala kutsogolo.

Kaphunzitsidwe ka Amida kanali kachilendo. Mayi aliyense ankajambula nyumba yake pansi ndi choko, kusonyeza pamene pali khomo, bedi, ndowa ya madzi ndi katundu yense, kenako anzake ankalowa m'chojambulacho n'kumayendamo, kunena chimene chikuwapunthwitsa. Itafika nthawi ya Subira, Khadija, mnansi wake wa pakamwa posatseka, analowamo atatsinzina, manja ali kutsogolo, akufuula kuti wina amubwereke tochi. Kalasi yonse inagwa n'kuseka. Subira anasekerera ndi mano okha, mumtima akutukwana Khadija pamodzi ndi mtundu wake wonse. Koma sanajombe ngakhale Loweruka limodzi. Anaphunzira koyang'anitsa zenera kuti lilowetse dzuwa la m'mawa osalowetsa fumbi la mwera, kupanga mashelefu ndi matabwa a boti lotha, kulumikiza zidutswa za zitenje za kwa telala kuti zikhale katani, ndiponso kuthira mchere mu laimu kuti asamatsalire pa zovala munthu akatsamira khoma.

Pomaliza, gululo linayenera kusankha nyumba imodzi yoti onse aikonze pamodzi, ikhale yachitsanzo imene magulu a m'madera ena azidzaiona. Bungwe linapereka thumba la laimu, mafelemu awiri a mazenera a magalasi, nsalu ya makatani ndi misomali. Sipanakhale mkangano. Onse analoza Subira, ndipo Khadija ananena mosapsatira kuti ngati nyumba imeneyo ingawale ndiye kuti ngakhale khola la mbuzi lingawale. Subira anameza chipongwecho chifukwa chinabwera ndi zimene ankafuna. Popita kwawo tsiku limenelo anali kale kuona Che Atumani atakhala pamkeka pansi pa zenera, akumwa tiyi.

Panatsala chinthu chimodzi. Amida anati sangaboole khoma la munthu popanda chilolezo cha bambo wa pakhomopo, chifukwa kumudzi wina mwamuna anapeza chibowo pachipupa chake n'kuthamangitsa gulu lonse ndi nkhafi. Subira anamuuza kuti malowo ndi a amayi ake, ndipo njerwa za nyumbayo anaumba ndi manja ake, koma Amida anati lamulo la bungwe ndi lomwelo. Ananyamuka awiriwo kukawapeza bambowo kudooko. Anawapeza atakhala pamthunzi, akuyang'anira alovi awo, anyamata ogwira ntchito m'maboti, amene ankasoka ukonde. Anamvetsera nkhani yonse akusisita ndevu, ngati munthu woweruza mlandu wa ena.

"Mwanawe, ine ndine Msilamu," anatero kwa Amida, osamuyang'ana n'komwe mkazi wawo. "Ndili ndi nyumba ziwiri. Chipembedzo chimati cholowa m'nyumba imodzi chilowenso m'nyumba inayo mofanana. Ukufuna ndikayankhe chiyani kwa Mulungu? Gawani pakati katunduyo, mukatero kabooleni khomalo."

Subira anamva ngati wina wamuthira madzi otentha pamsana. Mofanana? Mawu amenewo akutuluka pakamwa pa Che Atumani? Munthu amene anatenga masiku ake onse n'kukawaunjika kumsewu, amene nyama ya Idi ankatumiza mwendo wathunthu kwa Sumaiya, kwa iye n'kubwera matumbo, lero wakumbukira kuti kuli Mulungu woti akamuyankhe? Anadzigwira, n'kuwakumbutsa kuti katunduyo sanagule ndi iwo, ndi wa amayi amene ankapita kumaphunziro, ndipo Sumaiya sanapondepo phazi m'kalasimo. Bambowo anati chilichonse cholowa pansi pa denga lawo ndi chawo, ndipo anatembenukira kwa alovi kuwafunsa za injini. Amida anavomera zogawazo. Mabwana ake anali atamuchenjeza kuti asadzayerekeze kulimbana ndi za chipembedzo. M'njira ankangobwereza kuti pepani amayi, mwina theka n'labwino kusiyana n'kusowa zonse.

Subira sanapite kunyumba. Analunjika kwa mjomba wake, mlongo wa amayi ake, Che Jaffalie, amene anali nkhoswe ya ukwati wake. Anawafotokozera zonse. Mkuluyo anayamba watsokomola, kenako anati ponena za lamulo, mkamwiniyo sanalakwitse mawu. Subira anafunsa ngati lamulolo limangoona laimu, masiku ogona osawaona. Che Jaffalie anati imeneyo ndi nkhani ina, milandu iwiri saphika mumphika umodzi, ndipo mkazi wamkulu amadziwika ndi kupirira. Anawonjezera, akuseka pang'ono, kuti tsobola wakale sawawa, ndiye asadabwe mwamuna akamathamangira watsopano. Subira anawayang'ana mjomba wakewo n'kukumbukira kuti ana awo aamuna onse ndi alovi a m'maboti a Che Atumani. Anatola mpango wake n'kuchoka osatsanzika.

Kugawa kunachitikira pakhonde la sukulu, amayi onse akuona. Che Atumani sanabwere, anangotuma mlovi ndi njinga. Laimu anamuyeza ndi mbale, iyi kuno, iyi uko. Misomali anaigawa milu iwiri. Felemu imodzi inamangidwa pakaliyala ya njinga. Kenako Amida anatenga sizasi n'kudula nsalu ija pakati, nsalu yamaluwa obiriwira imene Subira anali atasankha yekha pamsika wa kuboma. Subira anaimirira pomwepo maso ali pa sizasiyo mpaka inafika kumapeto. Sanalire. Khadija ndiye anamulankhulira, kumuuza mloviyo kuti akauze abwana ake agawenso ndevu zawozo pakati, theka likagone kwa Abiti Wadi. Mloviyo anapalasa njinga osacheuka.

Ukali wa Subira sunalinge kwa Sumaiya. Mwanayo analakwa chiyani? Anakwatiwa ngati mmene iye anakwatiwira, ndipo chaona mnzako chapita, tsiku lake lomva kuti m'nyumba mwake mwatentha kapena mwazizira linali m'njira. Amene ankamuwiritsa magazi anali bambo wa ndevu uja, ndi mjomba wamantha, ndi bungwe lofuna chilolezo cha munthu amene sankadziwa n'komwe kuti denga la nyumbayo likudontha pati. Koma mtima wa munthu ndi wopusa. Pansi pa ukali wonsewo, Subira ankaganizabe kuti akaonetsa mwamunayo chimene angachite ndi theka lokha, adzachita manyazi n'kubwerera.

Anayamba yekha ntchito, gulu lisanafike. Anatulutsa matumba a usipa n'kuwamangira kachisakasa kuseri. Anatenga chidutswa cha lata n'kuyamba kupala mwaye pachipupa, ndipo ankapala ngati khomalo ndi limene linamulakwira, mpaka zala zinasupuka n'kuyamba kutuluka magazi. Amayi aja atafika n'kuona manja ake, nthabwala zinatha. Khadija yemweyo anati mutu umodzi susenza denga, ndipo anauza aliyense kuti abwerere kwawo akatenge chimene ali nacho. Wina anabwera ndi laimu wotsala pa nyumba ya mchimwene wake wa ku Joni. Ena anapita kumtunda kukakumba dothi loyera lozirira. Zidutswa za zitenje zinabwera m'majumbo, ndipo anazilumikiza ndi theka la nsalu ija mpaka katani inakwana. Matabwa a boti lina lakale anawakwecha ndi mchenga n'kuwakhoma pakhoma, mbale ndi makapu n'kuchoka pansi. Khitchini anaisuntha kuti utsi uzipita kwina.

Mmisiri wa m'mudzimo, a Blackson, ndiwo anaboola khoma la kum'mawa. Poti felemu inali imodzi, mbali inayo anangochotsa njerwa modumphitsa n'kuikapo sefa kuti mphepo izidutsa koma udzudzu usalowe. Njerwa yomaliza itagwa pamalo a zenera, kuwala kunalowa n'kugwera pakhoma loyera lija, chipinda chonse n'kuti mbee. Amayi anaimba nthungululu. Subira anaima pakati pa balaza lake akuzungulirazungulira ngati mlendo. Zaka zonsezi sankadziwa kuti nyumba yake ndi yaikulu choncho. Anthu odutsa anayamba kupatuka kudzasuzumira, ndipo mbiri inafika mpaka kudooko.

Lachisanu m'mawa mlovi uja anabwera ndi uthenga wakuti abwana afika akatuluka kumzikiti. Apa ndiye Subira anaiwala zonse, ndipo n'zimene zimakwiyitsa pa nkhaniyi. Anaiwala sizasi, anaiwala zala zosupuka. Anathamangira kukagula chambo chachikulu, anaphika mpunga, anafukiza ubani m'nyumba monse. Anazira pansi kachiwiri ngakhale panali posalala kale, n'kuyala mkeka watsopano pansi pa zenera. Anasamba, anavala diresi imene ankaisungira maukwati, n'kukhala pansi kudikira, mtima ukugunda ngati wa namwali.

Che Atumani anafikadi, atavala mkanjo woyera wa Lachisanu. Anapereka salamu ali pakhomo n'kulowa ndi nsapato. Subira anaziona nsapatozo zikusiya fumbi pa dothi lake lozira, kenako pamkeka, koma anati mwina aiwala chifukwa cha kudabwa. Bambowo sanakhale pansi. Anapita pazenera, analitsegula n'kulitseka, analiyeza ndi chikhatho m'litali ndi m'lifupi. Anagogoda mashelefu, anapaka chala pakhoma n'kuchiyang'ana, n'kupeza kuti laimu sanatsalire. Anagwedeza mutu mokhutira n'kunena kuti ntchito yagwiridwa, sankayembekeza kuti Abiti Wadi ali ndi luso lotere. Subira anaweramitsa nkhope kuti asaonetse kumwetulira, n'kuwauza kuti chakudya chapsa, akhale pansi awathirire madzi osamba m'manja.

"Ayi, sindikhalitsa," anatero Che Atumani, maso adakali pazenera. "Ndabwerera nkhani imodzi. Katundu uja kwa mnzanu wangokhala pakona, laimu wayamba kuuma. Iye sadziwa zimenezi, komanso mukudziwa kuti ndi woyembekezera. Mawa mutenge anzanuwo mukamukonzere ngati mmene mwachitira muno. Pajatu ziyenera kufanana."

Subira anali atagwada, jagi ya madzi ili m'manja. Anaiika pansi pang'onopang'ono kuti isamugwe. Anaimirira.

"Che Atumani, munkati muno muli mdima."

"Ndinkatero."

"Mdima watha. Lero ndi tsiku langa. Mugona kuti?"

Bambowo anayang'ana kukhomo. Anayamba kufotokoza za injini ya boti imene inafunika kupita nayo kuboma, za alovi osakhulupirika, za Sumaiya amene miyendo inali kutupa ndipo sakanatha kumusiya yekha. Ankalankhula mosadodoma, zifukwa zikungotuluka chimodzi pambuyo pa chinzake, ndipo Subira anazindikira kuti munthuyu ali nazo zambiri zosungira, zokwana moyo wonse. Akanati aboole makoma onse anayi, akanauzidwa kuti mukulowa mphepo. Ukali umene unamugwira sunali ngati wa kudooko uja. Uwu unali wozizira, ndipo theka lake linali lodzikwiyira yekha, mayi wamkulu wa zidzukulu amene anasupula zala zake pofuna kukonza chinthu chimene sichinali chowonongeka.

Analowa kuchipinda. Anakoka sutikesi yakale imene inali pansi pa bedi, momwe munali malaya a bambowo, kofia ndi tochi yakufa, n'kuitulutsa mpaka pakhonde. Che Atumani anafunsa ngati wapenga. Subira sanakweze mawu, koma Khadija, amene anali kuseri kwa mpanda wake, anati pambuyo pake anamva liwu lililonse.

"Mulungu amene munamutchula kudooko uja ndi yemweyo amene anaona masiku anga akupita kumsewu. Mukayankhe zonse pamodzi. Malo ano ndi a amayi anga, njerwa izi ndinaumba ndine, ndipo dothi mwapondali ndazira ndine. Tulukani ndi nsapato zanuzo. Mukauze ankhoswe anu akumane ndi a mjomba, mundipatse mawu anga othetsa ukwati. Za kwa Sumaiya, maphunziro ndi Loweruka, khomo la kalasi silitsekedwa."

Che Atumani anayesa kuseka, anayesa kuopseza kuti mkazi wa msinkhu wake akasiyidwa ndiye wasiyidwa, palibe adzamuyang'anenso. Subira anangoima pakhomo atagwira chitseko mpaka bambowo anatola sutikesi yawo. Anayenda nayo pakati pa mudzi masana dzuwa likuswa mtengo, anthu ochokera kumzikiti akuwaona. Atapita, Subira anatenga tsache n'kusesa fumbi la nsapato lija, anakutumula mkeka, kenako anakhala pansi n'kulira kulira kwaukali, kopanda mawu. Chambo chija anadya ana a Khadija.

M'mawa mwake, maso adakali otupa, anamva minibasi ikuima panja. Anali Amida, wosadziwa kanthu, atabwera ndi gulu la amayi a ku Namwera kudzaona nyumba yachitsanzo. Subira anafuna kuwabweza, koma anali atalonjeza, ndipo ntchitoyo sinali yake yekha. Anasukusula, anamanga mpango, n'kutsegula chitseko. Alendowo anavula masilipasi awo pakhomo n'kulowa mmodzimmodzi. Anasisita khoma, anafunsa za mchere wa mu laimu, anatembenuza katani kuti aone kasokedwe kake. Subira anayankha mafunso onse bwinobwino, ndipo Amida ankajambula ndi foni, chimwemwe chitadzaza tsaya.

Mayi wina wachikulire, amene anzake ankamutchula kuti a Ines, anakhala pamkeka pansi pa zenera, anatambasula miyendo n'kupuma mozama. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anamugwira dzanja Subira mwachikondi.

"Mwakonza, amwali. Nyumba ngati iyi ndiye abambo ake sachokanso pakhomo. Ali kuti tiwathokoze potilola kulowa?"

Amida anatsegula pakamwa kuti atchule dzina la Che Atumani, koma Subira anamutsogolera.

"Muno mulibe abambo," anatero. "Bwerani muone mashelefu."